ZOBZALA PA DZIWE LA NSOMBA

Dziwe mwakumba kuseri kwa nyumba kapena kudimba. Madzi adzaza, makumba ndi chilunguni mwaponyamo. Nanga tsopano tibzalepo chiyani?

Tiyambe ndi chimene simuyenera kubzala. Mukamaoloka Shire pa Liwonde, pa baraji ya Kamuzu imene inamangidwa mu 1965, mumaona zomera zoyandama za maluwa okongola. Ameneyo ndiye namasupuni. Kwao ndi ku South America. Kukongola ndi wokongoladi, koma musayerekeze kutola ngakhale tsinde limodzi. Amaswana msanga: pakangopita masabata awiri, pamene panali mmodzi pamakhala awiri. Akaphimba dziwe, dzuwa silifika m'madzi, mpweya umachepa, nsomba nkuyamba kufa. Ndi yemweyu, pamodzi ndi zinyalala zina za mumtsinje, amene amatsekereza makina a magetsi ku Nkula. Nanga kadziwe kanuko kangalimbe?

Kakombo naye anthu amamukonda. Vuto lake ndi lakuti kunsi kwa masamba ake kumabisala nkhono zofalitsa likodzo. Bango ndi udzu wa m'madzi zimasunga njoka, achule ndi ana a udzudzu. Zikangomera, zulani ndi mizu yomwe.

M'kati mwa dziwe muzikhala poyera. Zomera zofunika m'menemo ndi tating'onoting'ono, tosaoneka ndi maso, timene timabiriwitsa madzi. Timeneti ndiye nsima ya makumba. Timachuluka mukathira manyowa a nkhuku kapena a mbuzi. Pisani mkono mpaka m'chigongono. Ngati chikhatho sichikuoneka, manyowa akwana, musaonjezenso.

Pa khoma la dziwe bzalani kapinga kapena vetiva. Mizu yake imagwira dothi kuti mvula isaligumule. Kumunsi, kumene madzi amatulukira, ikani nthochi, nzimbe ndi ndiwo zamasamba. Zimakondwa ndi chinyezi ndi matope amene mumachotsa m'dziwe mukatha kukolola.

Mitengo ikuluikulu ngati mango ndi bulugama ikhale patali. Mthunzi umaziziritsa madzi, mizu imaboola khoma. Makamaka bulugama, amamwa madzi ngati ng'ombe. Inu a ku Balaka mukudziwa m'mene madzi amasowera mu Okutobala, ndiye musamupatse mpata.

Musaiwale kuti chilunguni amadya masamba. Kholowa, chigwada, nkhwani ndi chisoso, duladulani nkuponyamo pang'onopang'ono pamodzi ndi madeya. Zotsala muzivuula zisanaole.

Amayi okonda maluwa, musadandaule. Bzalani kumtunda, kunja kwa mpanda. Inde, mpanda ukhalepo, chifukwa maluwa amakopa ana, ndipo mwana wokwawa amamira ngakhale m'madzi ofika m'mawondo. Pa china chilichonse chokayikitsa, funsani alangizi a za nsomba.

MAFUNSO
1. Kodi namasupuni amapha bwanji nsomba?
2. Tchulani udzu woyenera pa khoma la dziwe.
3. Lembani m'kope mwanu zomera zimene zili pafupi ndi dziwe la m'mudzi mwanu. Ndi ziti zofunika kuzula?