Phunziro: Gitala Yamphako Yotchipa ndi Yodula

Ophunzira, lero tiyerekeza magitala amagetsi amphako, aja thupi lake mulibe kanthu m'kati ndipo pamwamba ali ndi timabowo tooneka ngati chilembo f. Titenga awiri ofanana maonekedwe: Gibson ES-330, yomwe idayamba kupangidwa mu 1959, ndi Epiphone Casino, yomwe idayamba kupangidwa mu 1961, mtundu uja ankaimba John Lennon. Gibson idagula Epiphone mu 1957. Lero magitala amagetsi a Gibson amapangidwa ku Nashville, pomwe Casino wamba amachokera ku China pamtengo wotsika kwambiri.

1. Thabwa
Ambiri amaganiza kuti gitala yodula ndi yosema ku thabwa limodzi. Ayi. Onse awiriwa thupi lake ndi timatabwa topyapyala tomatidwa pamodzi, makamaka ta mtengo wa maple. Pamwamba posema ndi pa magitala ngati Gibson L-5.

2. Zamagetsi
Onse ali ndi ma pickup a mtundu wa P-90. Kusiyana kumaonekera pa mawaya, switch ndi zokwezera mawu. Pa yotchipa, zimenezi zimayamba msanga kuthetheka mukamazitembenuza. Kuzisintha n'kotheka, koma n'kovuta, chifukwa kumbuyo kulibe kachitseko: mmisiri amazitulutsira pa kabowo ka f.

3. Penti
Gibson imapaka nitrocellulose yopyapyala, yomwe imang'aluka ikamakalamba. Yotchipa imapakidwa polyurethane yokhuthala, yosakandika msanga.

4. Ntchito ya manja
Apa ndi pamene pagona ndalama zambiri. Yendetsani chala m'mbali mwa khosi. Ngati tizitsulo ta fret tikukukandani, ntchito sidamalizidwe bwino. Dinikizani nsambo iliyonse kuchokera kumutu mpaka kumunsi, mumvetsere ngati ikunjenjemera. Mmisiri wodziwa angakonze zonsezi.

5. Kulira kosokosa
Mukakweza kwambiri amplifaya, thupi lamphako limanjenjemera n'kuyamba kulira lokha. Vutoli silisankha mtengo. N'chifukwa chake mu 1958 Gibson idatulutsa ES-335 yokhala ndi chipika pakati, ndipo woimba B.B. King adafuna kuti gitala yake yotchedwa Lucille ikhale yopanda timabowo ta f. Oimba pafupi ndi ng'oma ndi zokuzira mawu zazikulu asankhe ya chipika.

Ntchito yanu: muimbe nyimbo imodzi pa magitala awiri, amplifaya yomweyo, mutatsinzina, kenako mulembe zimene mwamva.

Kwa wophunzira, gitala yotchipa yokonzedwa bwino ndi yokwanira. Ndalama yotsalayo mugulire amplifaya yabwino ndi nsambo zatsopano.