Kasungidwe ka Nkhuku Zikuluzikulu za Mtundu wa Indian Game

Mlimi amene wagula tambala wa Indian Game kapena wa Malay kuti akonze mbeu ya nkhuku zake wacita bwino. Koma adziwe kuti tambalayo sagona monga zigonera nkhuku za pamudzi, ndipo ndalama zake zingathe kupita pacabe cifukwa ca khola lokha.

Makolo a nkhukuzi anali atambala omenyana. Indian Game, ngakhale dzina lake lichula India, inacokera ku Cornwall m'dziko la England m'zaka za m'ma 1800, ndipo ena amaicha Cornish. Pa ndeu sinapambane konse, koma nganga yake njotambalala ndi ya mnofu wambiri. Tambala wokhwima alemera makilogalamu 4 kapena kuposa. Malay ndiye wamtali miyendo ndi khosi.

Tsono taonani makola athu okwezeka pamitengo. Nkhuku yopepuka iuluka ndi kutsika popanda vuto. Koma nkhuku yolemera ikamalumpha kucokera pamwamba m'mawa uliwonse, itera ndi mphamvu, phazi licita bala kunsi, kenaka litupa ndi mafinya. Tambala wotsimphina sangathe kukwera mathadzi, ndipo mazira aola osaswa. Cotero mangani khola la pansi, la njerwa kapena la mitengo yomata, la denga losadontha ndi citseko colimba cakuti vumbwe ndi likongwe asalowe. Mtanda wogonapo utalike masentimita 40 okha kucokera pansi, ndipo ukhale wonenepa kuti mapazi agwire bwino. Siyani mazenera a waya, pakuti nkhuku zonenepa zisauka kwambiri ndi kutentha kwa mwezi wa October. Sesani kawirikawiri ndi kuwaza phulusa cifukwa ca utitiri.

Atambala awiri otere musawaike m'khola limodzi. Magazi a makolo ao akali m'thupi, ndipo angamenyane kufikira wina atafa. Tambala mmodzi apatseni mathadzi 5 kapena 6, osati ambiri. Atambala a pamudzi muwagulitse kapena muwadye. Mukawacitira cifundo, anapiye onse adzakhala ao.

Pa zakudya ndi pamene ambiri alakwa. Gaga yekha akhutitsa nkhuku koma samanga thupi. Nkhuku yaikulu idya magalamu 130 kufikira 150 pa tsiku. Sanganizani gaga ndi cimanga cokonola kapena mapira, muonjezepo zakudya zokulitsa: nyenyeswa za kapenta, ciswe, nyemba za soya zosinja. Soya muyambe mwakazinga, pakuti waiwisi aononga m'mimba ndipo anapiye sakula. Apatseninso masamba aawisi, timiyala topera cakudya m'nthutumba, ndi zigoba za nkhono zoocha ndi kusinja kuti mafupa ndi zigoba za mazira zilimbe. Cimanga cikaculuka, nkhuku inenepa mafuta ndi kuleka kuikira. Madzi abwino asasowe, ndipo akhale pamthunzi.

Musayembekeze mazira ambiri kwa thadzi la Indian Game, pakuti liikira pang'ono. Phindu lili mwa anapiye amene tambala abereka ndi mathadzi anu a pamudzi.

Nkhuku yacilendo muisunge payokha masabata awiri musanaisanganize ndi zanu. Citopa ciribe mankhwala ociritsa. Funsani mlangizi wa ziweto za katemera, ndipo mutemere nkhuku zonse miyezi itatu kapena inai iliyonse.