Holo ya mpingo kapena bwalo la mpira?

Funso: Mtsogoleri wa kwaya ina ya kufupi ndi esiteti ya tiyi ya Conforzi ku Thyolo akufuna kukhazikitsa chimbale. Anzake akumukakamiza kubwereka bwalo la mpira, koma iye mtima uli pa holo ya mpingo. Asankhe pati?

Yankho: Ayambe wawerenga anthu asanalipire malo. Njira yodalirika ndi kugulitsiratu matikiti kudzera m'makwaya anzawo ndi kwa akapitawo a m'minda. Amene wapereka ndalama amabwera, pomwe wongolonjeza pakamwa mvula ikagwa saoneka.

Nyengo nayo ili ndi mawu. Kuyambira Disembala mpaka Epulo othyola tiyi amachuluka ndipo ndalama imayenda, koma ndi nthawi ya mvula. Mu Juni ndi Julayi chiperoni chimathamangitsa anthu pabwalo. Lamulungu lotsatira tsiku la malipiro, m'holo yofolera bwino, ndiye lotheka.

Bwalo limadya ndalama: mpanda, jenereta, zokuzira mawu zamphamvu, alonda pachipata. Limayenera khamu ngati la Mulhako wa Alhomwe limene limasonkhana pa Chonde ku Mulanje mu Okutobala. Anthu 200 pabwalo lotere amangooneka ngati abwera kudzaonerera mapulakatisi.

Komabe holo isadzaze mopyola muyeso. Pa 6 Julayi 2017 anthu 8, ambiri mwa iwo ana, anafa popanikizana pachipata cha Bingu National Stadium ku Lilongwe. Zitseko zonse zikhale zosakhoma.

Kwayayi itenge holo. Matikiti akatha msanga, iimbe kawiri, masana ndi madzulo.