Makiyi a Land Rover Yakale Atayika

Funso: Bambo wina wa ku Chama ali ndi Land Rover Series III yomwe makiyi ake adatayika. Akufunsa: zida zosinthira maloko angazipeze kuti?

Yankho: Katswiri wa maloko akuti bamboyo asathamangire kuthyola chitseko. Galimotozi zidapangidwa ku Britain kuyambira 1971 mpaka 1985, ndipo maloko ambiri a nthawiyo ali ndi nambala yodindidwa pa kachitsulo kolowetsamo kiyi. Wodula makiyi ku Chipata kapena ku Lusaka akaiona nambalayo, angathe kudula kiyi wina.

Ngati nambala idafufutika, azule lokoyo apite nayo kwa mmisiri. M'kati muli timbale ting'onoting'ono tamkuwa tomwe mmisiri amatisanja kuti tigwirizane ndi kiyi watsopano. Timbale tikatha, amachotsa tina m'maloko a Land Rover zakufa m'magalaja.