Supageti wa mphindi 15 amene anagonetsa banja kuchipatala

Mlamu wanga wa ku Naisi, mkazi wa achimwene anga, ndi munthu wodziwa kuphika, ndipo ndikunena izi poyambirira kuti wina asayese ndikusimba za mbuli. Amagwira ntchito m'tauni ya Zomba. Amakwera minibasi m'mamawa n'kubwerera dzuwa litapendeka, choncho chakudya chopsa msanga amachikonda. Mu 2022 anaona pafoni kanema wa mayi wina wakunja akukazinga ma prawns ndi adyo, kufinyiramo ndimu, n'kusakaniza ndi supageti. Mphindi 15 zokha, mbale zili patebulo.

Kwathu kuno ma prawns kulibe. M'mitsinje yathu muli nkhanu, ku Chilwa kuli matemba ndi milamba, koma awa ndi a kunyanja yamchere. Mnzake wa kuntchito anamulozera bambo wina amene ankabwera nawo m'bokosi la ayezi, akuti kuchokera ku Quelimane, kudzera ku Milange ndi pachipata cha Muloza. Mlamu anagula paketi ya kilo imodzi pamtengo umene achimwene sanauzidwe, n'kuiponya m'kachipinda kapamwamba ka filiji, kudikira tsiku limene apongozi ake adzabwere.

Chaka chimenecho mukuchikumbukira. Mu Januwale namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pamtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mphamvu pafupifupi mamegawati 130. Magetsi ankazima maola ambirimbiri tsiku ndi tsiku. Filiji ya m'nyumba ikakhala yosatsegulatsegula imasunga kuzizira kwa maola anayi okha magetsi akathima, ndiye pakhomo pa ana ofuna madzi ozizira ndani angailetse kutsegulidwa? Paketi ija inkasungunuka masana n'kuumanso usiku. Pofika tsiku lophika, ma prawns amene anabwera ali paokhapaokha anali atagwirana kukhala chibuma chimodzi, pansi pa jumbo pali ayezi wofiirira. Chizindikiro choyamba chinali chimenecho, koma mu kanema muja munalibe amene anachitchula.

Apongozi anafika Lachisanu lina mu Okutobala, kukutentha koopsa. Mlamu pochoka m'mawa anaika chibuma chija m'beseni la madzi patebulo kuti akamabwera apeze chasungunuka. Chinasungunuka isanakwane 9 koloko, ndipo tsiku lonselo ma prawns anakhala m'madzi ofunda. Pakati pa madigiri 5 ndi 60 tizilombo toyambitsa matenda timaswana mofulumira, tina kuwirikiza kawiri pamphindi 20 zilizonse. Werengerani nokha kufika madzulo.

Atabwera, magetsi kunalibe monga mwa masiku onse. Anakoleza mbaula, mtsikana wa mchemwali wake atamugwirira tochi ya pafoni.

"Anti, zimenezi zikumveka kafungo ngati ka mkodzo," anatero mtsikanayo.

"Iwe, za kunyanja yamchere zimanunkha choncho. Tandipatsa adyo wina."

Anasenda mutu wonse wa adyo, kuwonjezera ndimu ndi tsabola wa kambuzi. Nyumba yonse inanunkhira bwino, kafungo kaja n'kuzimiririka. Kenako anakhuthulira kilo yonse m'chiwaya nthawi imodzi, makala ali ozilala. Ma prawns amapsa m'mphindi ziwiri kapena zitatu mbali iliyonse, koma akakhala ochepa pamoto wamphamvu. Awa anangotulutsa madzi, a m'mbali n'kufiira, a pakati n'kutsala otuwa. Mumdima ndi tochi ya foni sakanaona bwino, ndiponso mayi wa mu kanema anachenjeza kuti akapsetsa amalimba, ndiye anaphula msanga.

Apongozi atasuzumira m'mbale anapukusa mutu. "Amayi, tangolawani pang'ono," anawachonderera mlamu.

"Ayi mwananga, ine zamiyendo ngati bongololo sindingathe. Mundiphikire kansima."

Anawaphikira nsima ndi matemba, pambali kachumbari wa tomato ndi anyezi. Tomato ameneyo anadulidwa ndi mpeni umene unasendera ma prawns, pathabwa lomwelo, ndi manja amene anangotsukuluzidwa m'madzi opanda sopo.

Pofika m'mawa mwake anthu asanu anali kulimbirana chimbudzi chimodzi. Amene anafooka kwambiri anali mwana wazaka zinayi ndi agogo ake, apongozi aja amene sanakhudze n'komwe supageti. Mantha anagwira mudzi, chifukwa kolera amene anayambira m'boma la Machinga mu Malichi chaka chomwecho anali atafalikira m'maboma ambiri, ndipo mliriwo usanathe unapha anthu oposa 1,700. Anansi anaitana ana awo kuti asayandikire pakhomopo. Achimwene anasungunula Thanzi ORS, koma mwana ankangosanza, mpaka anachita hayala galimoto kupita kuchipatala ku Zomba. Awiriwo anagonekedwa n'kuikidwa madiripi. Sanali kolera. Achipatala anafotokoza kuti m'madzi a kunyanja yamchere mumakhala tizilombo ta mtundu wa Vibrio, abale ake a kachilombo ka kolera, ndipo timabwera pa nsomba ndi ma prawns osaphika. Moto wokwanira umatipha, koma kachumbari sapita pamoto.

Agogo atatuluka sanakalipe. Anangoti, "Safunsa anadya phula," ndipo mawu amenewo anamupweteka mlamu kuposa m'mimba muja.

Ine kanema uja sindimunena kuti ananama. Mayi uja amaphikira kumene magetsi sazima, kumene paketi imachoka m'sitolo kufika kunyumba ili gwaa. Mphindi 15 zake zimadalira zinthu zimene kamera sionetsa, ndipo ife tikamakopera timatenga zooneka zokhazo. Adyo nayenso timamukhulupirira mopitirira muyeso. Anthu amamutama kuti ndi mankhwala, koma m'chiwaya ntchito yake ndi kununkhiritsa, ndipo pa ndiwo yoyamba kuwola amangotseka mphuno imene ikanakuchenjezani.

Ngati mwalakalaka chakudya chimenechi, gulani ma prawns tsiku lomwe muphike, kwa wogulitsa amene filiji yake muli nayo chikhulupiriro. Asungunuleni m'jumbo yomanga bwino, m'madzi ozizira, pamene moto ukukolera. Theka la ola limakwana. Dulani kachumbari poyamba n'kumuvindikira, ndipo mukagwira ma prawns sambani m'manja ndi sopo, n'kutsukanso mpeni ndi thabwa. Kazingani ochepaochepa pamoto waukali mpaka aliyense afiire ndi kuyera mkati. Zotsala musazigoneke pambaula kuti mudzatenthetse mawa, pakuti supageti wogona pofunda amatha kukhala ndi poizoni amene moto wachiwiri suchotsa. Ndipo kunena zoona, matemba ouma a ku Kachulu okazinga ndi adyo ndi tomato amayenda bwino ndi supageti, safuna filiji, ndiponso apongozi sawakana.

Koma mukatsegula paketi n'kupeza ma prawns agwirana chibuma, akuterera m'manja kapena akumveka kafungo ka mkodzo, musawonjezere adyo. Akwirireni kudzala, pakuya poti agalu sangafukule, ngakhale munawagula modula.