Mitengo Yomira Koma Yosafa: Makalata a Omvera

Woulutsa: Mayi, makalata atatu sabata ino agwera pa nkhani imodzi, ya mitengo ya m'zigwa zosefukira madzi. Yoyamba yachokera kwa mtsikana wa Folomu 4 ku Machinga. Akuti: "Aphunzitsi anatiuza kuti ku Amazon kuli nkhalango yomwe imamira chaka chilichonse koma siifa. Kwathu chimanga chikakhala m'madzi masiku ochepa chimachita chikasu n'kuola. Kodi zimenezi n'zoona?"

Katswiri: N'zoona mwanangu, aphunzitsi ako sanakunamize. Pa doko la mzinda wa Manaus ku Brazil akhala akuyeza madzi a mtsinje wa Negro kuyambira 1902. Chaka ndi chaka madziwo amakwera ndi kutsika pafupifupi mamita 10. Tangoganiza nyumba yosanja katatu. Pamalo pamene munthu amayenda wapansi mu Novembala, pofika Juni akupalasa bwato pakati pa nthambi. Mitengo ya m'munsi kwambiri imakhala mizu ili m'madzi miyezi isanu ndi iwiri, ina kupitirira apo.

Chimanga chako chimafa chifukwa mizu nayo imapuma, ndipo dothi likakhuta madzi mpweya umatheramo. Mitengo ya kumeneko inapeza njira zake. Ina imayoyola masamba madzi akamakwera, n'kukhala ngati yagona, kukula n'kuima. Ina imatulutsa timizu tatsopano pa thunthu, pafupi ndi pamene madzi alekezera, kuti izikoka mpweya pamenepo. Chimene chimandigwira mtima ine ndi timitengo tating'ono tongomera kumene. Timamira tonse, mumdima, kwa miyezi, ndipo madzi akaphwa tina timatuluka masamba akadali obiriwira, matope ali mbuu pamwamba pake, n'kupitiriza kukula.

Woulutsa: Ndiye kuti ndi mitundu yochepa chabe imene ingapirire zoterezi?

Katswiri: Munthu angaganize choncho, bambo, koma ayi. Nkhalango za mphepete mwa mitsinje ya madzi amatope, monga Solimões, imene imanyamula nthaka yachonde kuchokera ku mapiri a Andes, amazitcha várzea. Florian Wittmann ndi anzake, mu 2006, anawerenga mitundu yoposa 900 ya mitengo yopirira madzi m'nkhalango zimenezi. Palibe nkhalango ina yosefukira pa dziko lapansi yolemera choncho. Za m'mphepete mwa mitsinje ya madzi akuda ngati tiyi wopanda mkaka, monga Negro uja, amazitcha igapó. Kumeneko nthaka ndi ya mchenga, yosauka, mitengo imakula pang'onopang'ono ndipo mitundu imachepako.

Koma apa mumvetsetse bwino, chifukwa ndipo pagona nkhani. Mitunduyo sinamwazikane mwachisawawa. Madzi ndiwo amagawa malo. Pa chisumbu chatsopano, pamene mtsinje wangotula matope, mumamera mitundu iwiri kapena itatu yokha yokula msanga. Mitengo imeneyo imachepetsa liwiro la madzi, matope n'kumaunjikana, nthaka n'kukwera. Ikakwera, masiku omira amachepa, ndipo mitundu ina imene sikanatha poyamba imalowa. Mukafika pa mtunda pamene madzi amangokhala mwezi umodzi kapena iwiri, mumapeza mitundu yoposa 100 pa hekitala imodzi. Kumtunda kwenikweni kosafika madzi ndiye kumaposa: Alwyn Gentry anapeza mitundu pafupifupi 300 pa hekitala pafupi ndi Iquitos ku Peru. Choncho kusiyana kwa mita imodzi yokha kumatha kusintha mitundu ya mitengo imene mungaione.

Woulutsa: Yachiwiri yachokera kwa bambo wina, msodzi wa ku Nsanje. Akuti anamva kuti kumeneko kuli nsomba zodya zipatso, ndipo anzawo pa dooko anawaseka atawafotokozera.

Katswiri: Bambo, kawauzeni kuti munanena zoona. Nsombayo dzina lake ndi tambaqui, yaikulu ndithu, ina imafika makilogalamu 30, ndipo ili ndi mano ophwanyira njere zolimba. Mitengo yambiri ya m'zigwazo imabereka madzi atakwera. Zipatso zimagwera m'madzi, nsomba zili tcheru pansi pa mtengo. Njere zina zimaziphwanya, koma zina zimamezedwa zathunthu n'kukatayidwa kutali, ngakhale kumtunda kwa mtsinje kumene madzi paokha sakanazifikitsa. Michael Goulding analemba buku lonse pa nkhaniyi mu 1980. Inu asodzi mukudziwa kale chinthu chofanana nacho: Shire akadzaza n'kulowa m'dambo la Elephant Marsh, ndi pamene milamba ndi makakana zimapeza poswanirana ndi podyera. Kudula mitengo ya m'chigwa ku Amazon n'chimodzimodzi kupasula nkhokwe ya nsomba.

Woulutsa: Yomaliza ndi yaitali, ndiifupikitsa. Mayi wina wa m'komiti yoona zachilengedwe m'mudzi wina ku Chikwawa akuti anabzala mbande zambiri m'mbali mwa mtsinje, zonse za mtundu umodzi, madzi atabwera zinatha. Koma mikuyu yakale idakalipo. Akufunsa kuti alakwitsa pati.

Katswiri: Pepani mayi, ndikudziwa thukuta limene limalowa pothirira nazale m'chilimwe cha ku Chikwawa. Ndiyambe ndi kunena kuti madzi alipo awiri. Alipo okwera pang'onopang'ono pa nyengo yake, amene mitengo inawazolowera. Alipo ena olusa ngati a mu Januwale 2015 kapena a namondwe Freddy mu Malichi 2023, ogumula gombe ndi kukwirira minda ndi mchenga. Achiwiriwa angakokolole mbande ya mtundu uliwonse, ndiye musadziimbe mlandu wonse.

Koma mikuyu ija ikukuuzani kanthu. Musanagule mbewu kapena kudzaza machubu, yendani ndi agogo a m'mudzimo kuchokera m'madzi kupita kumtunda, muone chimene chinamera chokha. Kwathu kuno mitundu siifika ya ku Amazon, chifukwa mtengo wathu umayenera kupirira zonse ziwiri, madzi ndi miyezi yambiri yopanda mvula, koma kagawidwe kake n'komweko. Pa gombe penipeni, ponyowa chaka chonse, ndi pa katope ndi mkuyu. Mukakwera pang'ono, pa nthaka yakuya imene madzi amafika n'kuchoka msanga, mupeza msikidzi, mvunguti, mbawa, mtondo ndi nsangu. Migwalangwa imakonda kumene madzi a pansi ali pafupi. Tsanya ndi wa pa dothi lamakande, kutali ndi gombe. Mukaika mtundu umodzi kuyambira m'madzi mpaka kumtunda, mbali ina idzafa ndithu.

Nsangu ndiutchule padera, chifukwa ndimaukonda. Umayoyola masamba nthawi ya dzinja, chimanga n'kumakula bwino pansi pake, kenaka umaphuka m'chilimwe ndi kugwetsa nyemba zimene mbuzi ndi ng'ombe zimalimbirana. Ku Mana Pools, m'chigwa cha Zambezi ku Zimbabwe, njovu zimaimirira ndi miyendo iwiri kuti zifikire nthambi zake. Chigwa chimenecho chinasiya kusefukira monga kale kuchokera pamene anamanga damu la Kariba cha m'ma 1959. Ku Brazil nako, kumunsi kwa damu la Balbina pa mtsinje wa Uatumã, mitengo yakalekale ya igapó inauma ili chiimire, chifukwa madzi anasiya kuphwa pa nthawi yake. Mtengo wopirira miyezi isanu ndi iwiri sungapirire zaka zingapo zotsatizana osapuma.

Woulutsa: Nthawi yatithera, mayi. Mawu amodzi kwa a komiti aja?

Katswiri: Madzi akangophwa chaka chino, pitani mukaone pamene zinyalala zakodwa m'mitengo ndi pamene matope alekezera pa makungwa, mukhome zikhomo pamenepo. Mbande za pafupi ndi gombe muzibzale madzi atatsika, nthaka ikadali yonyowa, kuti pofika dzinja lina zikhale zitazika mizu. Ndipo timitengo ta mkuyu ndi nsangu tomera tokha m'dimba, musatidule polima. Tizungulizeni ndi minga mbuzi zisatidye.