Lipoti la Folomu 1 lafika kunyumba: makolo, muchite chiyani?

Teremu ikatha, m'nyumba zambiri za ku Falls Estate mumabuka mlandu. Mwana wa Folomu 1 wabwera ndi lipoti loti masamu walephera, ndipo bambo ayamba kale kunena kuti uyu ku yunivesite sadzapondako.

Yambani mwakhazika mtima pansi. Bungwe la NCHE, lomwe limayendetsa ntchito yosankha ophunzira opita ku UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MZUNI ndi MUST, silifunsa lipoti la Folomu 1, ngakhale zotsatira za JCE. Limaona MSCE: makirediti 6, Chingerezi chili momwemo. Giredi 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, ndipo mapointi akachepa m'pamene mwana wakhoza kwambiri. Wolephera mu Folomu 1 akhoza kudzatuluka ndi mapointi 12.

Komatu musagone. Magiredi oyambirirawa ali ndi ntchito pomwe ambiri sayang'ana: polowa Folomu 3. Apa ndi pamene mwana amasankha maphunziro, ndipo sukulu zambiri zimagawa ana, ena ku sayansi, ena kwina, potengera mmene akhala akukhozera masamu ndi sayansi. Mwana amene wasiya Physics ndi Chemistry pamenepa wadzitsekera yekha udokotala ku KUHeS ndi uinjiniya ku MUBAS, ngakhale atadzakhoza bwanji Chichewa ndi History. Zimachitika mwakachetechete, makolo ali kalikiliki kusaka fizi.

Choncho lipoti likafika, musathamangire pa nambala imene mwana wakhala m'kalasi. Ikani chala pa masamu, Chingerezi ndi sayansi, muyerekeze ndi teremu yatha. Kutsika kuchoka pa 60 kufika pa 45 kukudetseni nkhawa kuposa kukhala nambala 30.

Kenako pitani nokha kusukulu, musatume mwana. Funso loti "akuchita bwanji?" limabweretsa yankho laulemu lopanda kanthu. Funsani aphunzitsi a masamu kuti mutu umene ukumuvuta ndi uti. Nthawi zambiri mudzapeza kuti vuto linayambira ku pulayimale, pa mafulakishoni, ndipo Folomu 1 yangoliulula. Ngati mulipira aphunzitsi apadera, lipirani pa mutu umenewo, osati kumutumiza kukakhala tsiku lonse Loweruka akukopera manotsi.

Chingerezi musachinyozere. Kirediti yake ikasowa, zina zonse zimangokhala zokongoletsa satifiketi. Nyuzipepala ya dzulo ndi yokwanira: awerenge nkhani imodzi mokweza, aifotokoze m'mawu akeake.

Mu Folomu 2, JCE isanalembedwe (mayesowa anabwerera mu 2021 atathetsedwa kwa zaka zingapo), funsani ahedi mmene amagawira ana mu Folomu 3. Pezaninso chilengezo cha NCHE cha chaka chatha, mukhale pansi ndi mwanayo, muone maphunziro amene kosi yomwe akuifuna imafuna.

Kwa inu a ku Area 10 kapena Area 43 amene mukuganiza zodzamutumiza ku America, nkhani ndi ina: mayunivesite ambiri kumeneko amafuna magiredi a zaka zonse zinayi za sekondale. Sungani malipoti onse m'fayilo kuyambira teremu yoyamba, okhala ndi chidindo cha sukulu.